Ku Kafue, kwa Ogwira Choko Asanalembedwe Ntchito

Minibasi yochoka mu Lusaka kupita ku Kafue imayenda makilomita pafupifupi 45. Imazungulira pa Kafue Roundabout kumapeto kwa Cairo Road, n'kudutsa Makeni, Chilanga pamene pali fakitale ya simenti, ndi geti lolipiritsa magalimoto la pa Shimabala, kenaka msewu umatsetsereka pakati pa timapiri mpaka chigwa chitatambasuka. Choyamba kukulonjerani ndi zitsulo: nsanja ndi mipope ya Nitrogen Chemicals of Zambia, fakitale ya feteleza imene inayamba kugwira ntchito mu 1970. Mukafunsa munthu wa mu Lusaka kuti ku Kafue kuli chiyani, akuuzani za fetelezayo, za nsomba za m'mbali mwa msewu, mwinanso za madzi a m'mipope yake, poti gawo lina la madziwo limapopedwa mumtsinje wa Kafue pa Iolanda. Za sukulu sangatchule n'komwe. Chonsecho malo ano anatchuka ndi kusula aphunzitsi kusanamangidwe fakitale ndi imodzi yomwe.

Ine ndinatsikira pokhotera ku Estates, m'mwezi wa June, kukuzizira kolowa m'makutu. Kafue Estates ndi dera la nyumba zimene boma linamangitsa kudzera ku kampani yake ya Indeco, dziko litangolandira ufulu, kuti muzikhala antchito a m'mafakitale. Nyumba zake n'zofanana, ndandanda, mafulati apa ndi apo. Fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles itaima, ambiri anatsala ndi nyumba koma opanda malipiro, ndipo lero pafupifupi mpanda uliwonse uli ndi kantemba kogulitsirapo tomato, makala a m'timapepala, mafuta oyeza ndi kabotolo. Koma m'mawa, dzuwa lisanafunde, msewu suli wa ogulitsa. Ndi wa ana a sukulu. Amatuluka ku Shikoswe, ku Zambia Compound, ku Soloboni, manja m'matumba, milomo mbuu, ena akuthamanga poopa belu.

M'khamu limenelo muli anthu ena amene mukawadziwa kamodzi simungawasowenso. Msinkhu wawo susiyana kwenikweni ndi wa ana a m'makalasi omaliza, koma savala yunifolomu. Mnyamata ndi tayi yomangidwa mothina, mtsikana ndi siketi yofika m'munsi mwa mawondo, nsapato zopolishidwa zimene fumbi lazigonjetsa kale, fayilo yonenepa kukhwapa, ndi pepala la manila lokulungidwa ngati chinthu chopatulika. Awa ndi a TP, ophunzira zauphunzitsi ochokera m'makoleji ndi m'mayunivesite amene atumizidwa m'sukulu kwa teremu kuti akayesere ntchito. Pamaso ana amawatcha ba sir ndi ba madam. Kumbali amangoti ba student.

Mmodzi mwa iwo ndiye anandiitana kuno, mwana wa mnzanga wakale wa ku Chipata. Sukulu imene anamutumizako sindiitchula. Anandipemphera kwa ahedi, ndipo anandilola kukhala kumbuyo kwa kalasi pa desiki lothyoka mwendo limene ana analichirikiza ndi njerwa.

"Ankolo, musandiseke," anatero tikulowa. "Mawu anatha dzulo, ndangomwa madzi a mandimu."

Kalasi linali la ana a chaka choyamba cha sekondale, lodzaza thothotho. Chiyambire January 2022, pamene boma la Zambia linachotsa fizi m'sukulu zake, ana amene anali atakhala pakhomo anabwerera mwaunyinji. Boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 chaka chomwecho, koma makoma a kalasi satambasuka. Desiki la awiri panali atatu, kwina anayi, ndipo amene anachedwa anali pansi chotsamira khoma, kope pabondo.

Phunziro linali la maperesenti. Mtsikanayo sanatsegule buku. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa thumba lopanda kanthu la feteleza wa D Compound, n'kulipachika pa msomali pamwamba pa bolodi. Kalasi lonse linaseka, poti thumba limenelo aliyense amalidziwa: ena atate awo amagwira kumene amalipangako, ena amanyamuliramo makala, ena ndiye mphasa yawo. Anafunsa kuti manambala atatu olembedwa pathumbapo, 10, 20, 10, akutanthauza chiyani. Zii. Anafotokoza pang'ono, m'Chingerezi kenaka m'Chinyanja, kuti ndi magawo a pa 100 a zakudya zitatu za mbewu. Ndiye anafunsa: m'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu angati a chakudya choyambacho, nayitrojeni?

Manja anakwera. Mnyamata wa kutsogolo, wooneka kuti ndiye amayankha masiku onse, anati 10. Ambiri anavomereza ndi mitu. Apa ndi pamene ndinayamba kumuyang'anitsitsa mphunzitsi wathu, chifukwa ambirife tikanangoti walakwa, n'kuloza wina. Iye analemba 10 pa bolodi osaikapo chizindikiro chilichonse. Anati, chabwino, nanga thumba likanakhala la makilogalamu 100? Mnyamata uja anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Kumbuyo, pafupi ndi ine, kamtsikana kena kamene kanali kasanayankhulepo kanang'ung'udza kuti, ndiye kuti ya 50 ni hafu. Mphunzitsi anakamva, kaya anakamva bwanji m'phokoso lonse lija, n'kukaitana kuti kabwere kutsogolo. Kanapita konyinyirika, kanalemba 5, n'kuthawira pamalo pake anzake akuomba m'manja. Kuchoka apo zinayenda zokha: 10 wa chachiwiri, 5 wa chachitatu, zonse pamodzi makilogalamu 20.

Kenaka dzanja lina. "Ba madam, nanga ma 30 kg yasala ni ya chani? Batigulitsa mchenga?"

Kalasi linaphulika. Mphunzitsi anaseka nawo, n'kunena poyera kuti limenelo ndi funso la aphunzitsi a sayansi, ndipo akawafunsa pa buleki. Anakafunsadi, ine ndikuona, ndipo anabwerera kukauza ana kuti zakudya za mbewuzo sizikhala zokha m'thumba, zimabwera zomangika ndi zinthu zina, kuphatikizapo salufa ndi zothandiza kuti feteleza akhale timibulu tomwazika bwino. Mwana amene anafunsa uja anagwedeza mutu ngati munthu wamkulu amene wakhutira ndi chiweruzo cha kwa amfumu.

Ndakhalapo m'makalasi a anthu a madigiri awiri, ndipo si onse amatha zimene ndinaona m'mphindi 40 zimenezo: kulola yankho lolakwika kukhala pa bolodi mpaka mwini wake aone yekha polakwika, kumva liwu la mwana wamanyazi, ndi kusachita manyazi ndi funso lokupitirira. Koma kumbuyo kwa kalasilo kunali ine ndekha, mlendo wopanda cholembera cha boma. Mphunzitsi mwini kalasi anali ku chipinda cha aphunzitsi. Woyang'anira wochokera kukoleji, ati amabwera kamodzi kapena kawiri pa teremu, tsiku lodziwika, ndipo tsiku limenelo aliyense amaphunzitsa moonetsa, ana atachenjezedwa kale kuti akhale phee.

Ku chipinda cha aphunzitsi anandilandira ndi tiyi ndi vitumbuwa, poti kuno zitumbuwa zimayamba ndi v. A TP anali ndi ngodya yawo, benchi limodzi pafupi ndi chitseko, milu ya makope patsogolo pawo. Bambo wina wachikulire, wa masamu, amene watsala pang'ono kupuma, sanabise mawu.

"Akulu, teremu ino ife timapumako. Anawa akabwera amatenga makalasi, amachonga makope, masewera ndi iwo, kusesa ndi iwo. Ena mwa iwo amaphunzitsa kuposa ife, ine ndavomera. Koma mayeso akatuluka bwino dzina ndi langa."

Anaseka, koma sikunali kuseka kokondwa. Ndinakumbukira mkamwini wa kwathu, amene amalima munda kuyambira kusosa mpaka kukolola, koma nkhokwe ikadzaza anthu odutsa amayamika apongozi.

Ndinawafunsa za 5 October. Limeneli ndi tsiku la aphunzitsi padziko lonse, lokumbukiridwa chiyambire 1994, ndipo dziko la Zambia limalitenga mwamphamvu: aphunzitsi amasoketsa zovala zofanana, amaguba mumsewu ndi bandi, pamakhala zoyankhula, chakudya, ndi mphatso. Bambo aja anawerenga ndi zala mitundu ya mphatso zimene anaziona m'zaka zawo zonse: wolimbikira ntchito, wosunga nthawi, wovala bwino, wokhalitsa. Amalandira mabulangeti, mapoto, matiresi, nthawi zina ka envulopu. Sindikunyoza bulangeti, mu June wa ku Kafue ndi mphatso yanzeru. Koma taonani mayina a mphatsozo. Kusunga nthawi amakuonera pa geti. Kuvala amakuonera pa asembule. Kukhalitsa amakuwerengera m'fayilo. Palibe imodzi yofuna kuti wina alowe m'kalasi, akhale pansi, aone mmene munthu akuphunzitsira. Ndipo mayi wina anawonjeza chapansipansi kuti m'sukulu zambiri zimayendera kuti chaka chatha analandira uje, chaka chino ndi nthawi ya uje, kuti pasakhale wodandaula. Wa TP salowa n'komwe m'kaundula ameneyo. Pofika October amakhala atabwerera kale kukoleji.

Kuchoka ku Estates kupita ku tauni yakale ndi mtunda ndithu, ndipo ndinauyenda wapansi m'mbali mwa msewu waukulu, mathiraki opita ku Chirundu ndi ku Livingstone akundiwaza mphepo. Tauni yakaleyo ndi mzere wa masitolo, mabanki, malo omwetsera mafuta ndi msika, njanji ili chapafupi. Pa msika pali nsomba zaziwisi ndi zowamba, kapenta wa ku Siavonga, nzimbe, mbatata milumilu. Chinyanja, Chitonga ndi Chibemba zimasinthana pakamwa pa munthu mmodzi malinga ndi amene waima patsogolo pake.

M'kalesitilanti kena kuseri kwa msika, mmene ndinalowa kudya nsima ya nsomba, ndinakhala tebulo limodzi ndi mnyamata amene anali ndi mulu wa mapepala pambali pa mbale, akudya ndi dzanja lamanja, lamanzere likutembenuza masamba. Ndinayesa ndi wa sekondale. Ayi, anati amathandiza kuphunzitsa pa yunivesite ina mu Lusaka, kwinaku akuchita digiri yake yachiwiri. Amakhala kuno kwa makolo chifukwa lendi ya mu Lusaka sangaikwanitse, ndipo amakwera minibasi ya mbandakucha.

Ntchito yake anaifotokoza motere. Lekichala amalowa m'holo ya ophunzira mazanamazana, amayankhula ola limodzi, n'kutuluka. Wa kumbuyo samva, wamanyazi safunsa. Ndiye gulu lalikululo amaligawa timagulu, ndipo timagulu timeneti ndi ta anthu ngati iyeyo, ma tutor. Ndi iwo amabwereza zimene sizinamveke, amayang'anira ku labu, amachonga ma assignment, amadziwa kuti uyu wasowa milungu iwiri chifukwa mayi ake ali m'chipatala. Wophunzira wa chaka choyamba, wongochoka kumene ku Lundazi kapena ku Kalabo, mphunzitsi woyamba wa payunivesite kumutchula dzina amakhala tutor.

"Nanga amakuthokozani bwanji?"

"Mudala," anatero akupukuta m'manja, "malipiro akabwera mwezi wake, kumeneko ndiye kuthokoza."

Anthu otere si achilendo m'mayunivesite athu. University of Zambia itatsegulidwa mu 1966, aphunzitsi ake ambiri anali ochokera kunja, ndipo njira imene anapeza yokulitsira eni dziko inali kutenga amene akhoza bwino kwambiri digiri yoyamba, kuwasunga m'dipatimenti monga ma Staff Development Fellow, kuwapatsa timagulu toti aziphunzitsa, kenaka kuwatumiza kukapitiriza maphunziro. Ku University of Malawi njira yofanana nayo ndi ya ma staff associate. Maprofesa ambiri a lero anadzera pakhomo limeneli. Koma onani chimene chimamutsegulira munthu khomolo: malikisi ake monga wophunzira. Ndipo chimene chidzamukweze pambuyo pake ndi digiri yotsatira ndi zimene wafalitsa m'magazini a kafukufuku. Pakati ponsepo, kuti amaphunzitsa bwino kapena amangowerengera ana manotsi ake akale, zimadziwika kwa ophunzira okha, ndipo zimathera m'nkhani za ku hositelo.

Kwina anaganizapo. Ku University of California, Berkeley, chaka chilichonse madipatimenti amasankha ophunzira a madigiri apamwamba amene aphunzitsa bwino koposa, n'kuwapatsa ulemu wotchedwa Outstanding Graduate Student Instructor Award. Mayunivesite ambiri a ku America ali ndi zofanana nazo. Chimene munthu amapindula kwenikweni si ndalama, koma mzere umodzi pa kalata yofunsira ntchito wonena kuti anthu amene anamuona akuphunzitsa anachitira umboni. Ndinamuuza mnyamatayo zimenezi. Anaganiza pang'ono, n'kunena chinthu chimene ndikugwirizana nacho: kuti mukangosiyira ophunzira kuvota, adzapambana ndi amene amapereka malikisi mosaumira ndi amene amaseketsa. Iye amadziwika kuti ndi wouma dzanja, ndipo ena amamuthawa. Mawu a ophunzira ndi ofunika, poti ndi iwo amakhala m'kalasimo tsiku ndi tsiku, koma payenera kukhalanso munthu wodziwa phunzirolo amene walowa osalengeza, waona, wayang'ananso mapepala ochongedwa kuti aone ngati muli ndemanga yothandiza kapena nambala yokha yozunguliridwa ndi inki yofiira. Ndinasuzumira pa pepala limene linali pamwamba. M'mbali monse munali zolemba zake, timizere tolozera apa ndi apo, ndi dontho limodzi la msuzi.

Madzulo ndinatsikira kumtsinje. Kafue pano ndi wotakata, woyenda mwaulesi, m'mbali mwake muli bango ndi namasupuni, udzu woyandama uja umene a ku Chikwawa ndi Nsanje amaudziwa bwino. Asodzi anali kukankha mabwato. Chapatali pang'ono pali mlatho wa njanji, womangidwa mu 1906, zigawo 13 zachitsulo, kutalika kwake mamita oposa 400. Njanji imeneyi ndi imene inachititsa kuti pano pakhale malo ofikika kuchokera kumwera ndi kumpoto komwe, ndipo amishoni anaona zimenezo.

Ndinakwera takisi kupita ku Kafue Boys Secondary School, kunja kwa tauni, kufupi ndi mtsinje. Lero ndi sukulu yogonera konko ya anyamata, ya mpingo wa United Church of Zambia. Mitengo yake ikuluikulu ndi nyumba zakale za njerwa zimakuuzani musanafunse kuti malowa ndi achikulire. Pano ndi pamene panali Kafue Training Institute, imene amishoni a Primitive Methodist anatsegula mu 1918 motsogozedwa ndi m'busa John Fell. Amishoni amenewa anali atagwira kale ntchito pakati pa Aila ndi Atonga, ndipo anaona kuti sukulu za m'midzi sizingapite patali ngati wophunzitsa angoposa ana ake ndi buku limodzi. Nthawi imeneyo, kuno ngati ku Nyasaland, sukulu zambiri zinkayendera mamonitala, ana okulirapo amene ankaphunzira m'mawa n'kuphunzitsa ang'onoang'ono pambuyo pake. Tinganene kuti a TP ndi ma tutor a lero ndi zidzukulu za mamonitala amenewo. Fell anafuna kuti anyamata otere asulidwe mokwanira: kaphunzitsidwe, ulimi, ukalipentala, kumanga.

Mu 1924 nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes, zimene zinkayendera maiko a mu Africa kuona za maphunziro, zinakumana ndi amishoni a m'dziko lonse la Northern Rhodesia pa msonkhano wawo pano pa Kafue. Chaka chotsatira boma la atsamunda linakhazikitsa nthambi yoona za maphunziro a anthu akuda. Pasanathe zaka zambiri boma lomwelo linamutenga Fell kuti akatsogolere sukulu ya Jeanes ku Mazabuka, imene mu 1939 inasamukira ku Chalimbana, kumene lero kuli yunivesite. Ku Nyasaland sukulu yotere inali ku Domasi. Dzina loti Jeanes linachokera kwa Anna Jeanes, mayi wa ku Philadelphia amene mu 1907 anapereka chuma chothandizira sukulu za kumidzi za anthu akuda kumwera kwa America.

Maphunziro a nthawi imeneyo anali ndi zolinga zake zachitsamunda, ndipo ambiri anawadzudzula kuti ankafuna munthu wakuda athere pa khasu ndi mpeni wa kalipentala. Kudzudzulako n'koona. Koma m'kati mwake munali nzeru imodzi imene sitinayenere kuitaya. Mphunzitsi wa Jeanes ntchito yake inali kuyendera aphunzitsi a m'midzi, kukhala nawo, kuona akuphunzitsa, kuwaonetsa njira ina pamaso pa ana omwewo, n'kudzabweranso. Ankadziwa kuti wa mudzi uno ndi waluso pa kuwerengetsa, wa mudzi uja masamu amamuvuta. Munthu wotere akati uyu ndi mphunzitsi wabwino, mawu ake anali ndi pogwira.

Mwa anyamata amene anadutsa pano, wodziwika kwambiri ndi Harry Mwaanga Nkumbula wa ku Maala m'boma la Namwala. Anamaliza Sitandade 6 pa Kafue mu 1934, n'kuyamba kuphunzitsa, poyamba kwawo, kenaka ku migodi, ku Mufulira ndi ku Wusakile mu Kitwe. Anapita ku Makerere ndi ku London, kumene mu 1949 iye ndi Dr Hastings Kamuzu Banda analemba chikalata chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mu 1951 anakhala mtsogoleri wa chipani cha Congress cha ku Northern Rhodesia, ndipo mu December 1962 anakhala nduna ya maphunziro a anthu akuda m'boma la mgwirizano ndi Kenneth Kaunda, amenenso anali mphunzitsi. Dzina la Nkumbula lero lili pa bwalo la ndege la ku Livingstone. Timamukumbukira chifukwa anasiya choko n'kulowa ndale. Anzake amene anatsala ndi choko mpaka imvi, ndi mamonitala amene anamugwira dzanja polemba chilembo choyamba, pa zikwangwani zonse zimene ndinadutsa mu Kafue sindinaonepo dzina la mmodzi.

Belu la chakudya chamadzulo linalira ndili pa geti, anyamata n'kutuluka m'makalasi chothamanga, mbale m'manja. Wa takisi anali akuimba hutala.

Pobwerera ndinkaganiza kuti chida chozindikirira mphunzitsi waluso dziko la Zambia lili nacho kale, kungoti silinachilumikize ndi kuyamika. Mu 2005, mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA, unduna wa maphunziro unayambitsa m'chigawo cha Central njira yotchedwa lesson study, imene pambuyo pake inafalikira m'zigawo zina. Aphunzitsi a phunziro limodzi amakhala pamodzi n'kukonza phunziro pa mutu umene ana umawavuta. Mmodzi amakaliphunzitsa anzake atakhala kumbuyo, akuyang'ana osati iye yekha koma ana: ndani wamva, ndani watayika, watayikira pati. Akatuluka amakambirana, amakonzanso, wina n'kukaliphunzitsa kalasi lina. Kumene njirayi ikuchitika moona, osati yongolemba m'fayilo kuti oyendera akaone, aphunzitsi amadziwana luso. Amadziwa amene ana amamumva. Bambo wa masamu uja sanafune komiti kuti adziwe kuti mtsikana wa thumba la feteleza ali ndi mphatso. Anangomvera pawindo tsiku lina akudutsa. Chimene chikusowa n'chakuti zimene akudziwazo zilembedwe, zisainidwe, zimutsate mwini wake.

Pakuti teremu ikatha mtsikanayu abwerera kukoleji ndi fomu ya malikisi yofanana ndi ya wina aliyense. Akamaliza adzalembetsa ku Teaching Council of Zambia, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2013 limene limapereka chilolezo chophunzitsira, n'kuyamba kudikira kuti boma lilengeze zolemba aphunzitsi. Ena amadikira zaka, akuphunzitsa m'tisukulu ta eni pa malipiro osakwana thumba la ufa ndi lendi, kapena mongodzipereka m'sukulu za boma. Pa mulu wa makalata ofunsira ntchito, yake sidzasiyana ndi ya amene anathera teremu yonse akukopera ana manotsi pa bolodi, msana kwa ana. Mnyamata wa m'lesitilanti uja naye chimodzimodzi.

Dziko limadziwa kuyamika mphunzitsi likafuna. Mu 2019 Peter Tabichi, mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ya kumudzi ku Kenya, analandira Global Teacher Prize ya madola 1 miliyoni, Africa yense n'kunyadira. Koma mphotho zotere zimapeza munthu mmodzi amene waoneka kale. Ine ndikunena za chinthu chaching'ono, chotheka ndi pepala limodzi ndi chidindo cha sukulu.

Usiku unandipeza pa siteji, nyali za fakitale zitayaka, amayi a nsomba akulongedza mabeseni. A TP awiri anadutsa akukangana za sikimu ya maphunziro a sabata yamawa, wina atanyamula makope m'thumba la shuga.

Inu ahedi a sukulu za mu Kafue, ndi inu akulu a madipatimenti m'mayunivesite a mu Lusaka, Zomba, Mzuzu ndi kwina: teremu isanathe, lowani m'kalasi la wophunzira amene akukuphunzitsirani, osamuuza tsiku. Khalani kumbuyo mpaka belu. Funsaninso ana. Mukapeza waluso, mulembereni kalata yonena zimene mwaona ndi maso, phunziro lake ndi tsiku lake, muidinde. Ndipo pokonza za 5 October, pa ndandanda wa mabulangeti ndi mapoto muwonjezepo mzere umodzi wa iyeyo, mumutumizire ya basi abwere adzamve dzina lake likuitanidwa.